Kuyendetsa Mfundo Zokambirana M'nyumba ya Malamulo Yoyeserera ya pa Intaneti

Msonkhano uliwonse wa anthu ambiri, kaya ndi wa komiti ya sukulu, wa mpingo, wa banki m'khonde kapena wa pabwalo la mfumu, umakumana ndi vuto lakuti nkhani zimene anthu abwera nazo zimachuluka kuposa nthawi imene ali nayo. Wina amafuna kuti pakambidwe za ndalama, wina za denga lodontha, winanso amafuna kubwezera pabwalo nkhani imene inagamulidwa kale mwezi watha chifukwa chakuti chigamulocho sichinamukomere, ndipo ngati palibe dongosolo lonena nkhani imene ilowe, imene iyambe ndi nthawi imene ithe, dzuwa limalowa anthu atalankhula zambiri koma osamanga kanthu. Amene amapindula ndi chisokonezo chotere kawirikawiri amakhala munthu wa mawu okwera ndi wosatopa, pamene wofatsa amabwerera kwawo nkhani yake isanamveke.

Nyumba za malamulo zakhala zikulimbana ndi vuto limeneli kwa zaka mazana ambiri, ndipo njira zimene zinapeza ndi zimene amatengera achinyamata ndi ophunzira amene amakhazikitsa nyumba za malamulo zoyeserera, kuphatikizapo zimene zimakumana pa intaneti. Chitsanzo chachikulu m'mutu uno ndi House of Commons ya ku London, chifukwa nyumba zoyeserera zambiri zolankhula Chingerezi zimatsata kachitidwe kake, monganso mmene Nyumba za Malamulo za Malawi ndi Zambia zinatengera mbali yaikulu ya dongosolo lawo kumeneko.

Mfundo yokambirana ndi chiyani

Nyumba ya malamulo sikambirana nkhani yongoyandama. Chilichonse chimene imagamula chimayamba ngati mawu olembedwa amene phungu amaika pamaso pa anzake kuti awavomereze kapena awakane, ndipo mawu amenewa, amene m'Chingerezi amatchedwa motion, ndiwo akutchedwa mfundo yokambirana m'mutu uno. Phungu amayamba wapereka chidziwitso kwa alembi a nyumba, mfundoyo imasindikizidwa pa ndandanda wa zokambirana kuti aliyense aione nthawi ikadalipo, ndipo tsiku lake likafika mwini wake amaiyambitsa, sipikala amaiika ngati funso, aphungu amatsutsana, kenako sipikala amafunsa funsolo komaliza kuti aphunguwo ayankhe inde kapena ayi. Ikavomerezedwa imasanduka chigamulo cha nyumba yonse, ngakhale kwa amene anaikana.

Mfundo yokambirana imasiyana ndi bilu. Bilu ndi lamulo limene likukonzedwa, ndipo ikadutsa makwerero ake onse imamanga nzika iliyonse, pamene mfundo zambiri zimangonena maganizo a nyumba kapena kukonza ntchito za nyumbayo. Pa 18 Okutobala 2017 aphungu a ku Britain anavomereza, ndi mavoti 299 popanda wokana ndi mmodzi yemwe, mfundo ya chipani chotsutsa cha Labour yopempha kuti boma liyambe laimitsa kufalitsa ndondomeko ya chithandizo cha ndalama yotchedwa Universal Credit, koma aphungu a boma anali atauzidwa kuti asavote, ndipo boma silinaimitse ndondomekoyo popeza chigamulo cha mtundu umenewu sichilikakamiza mwalamulo. Komabe pali mfundo zina zimene boma silingazinyalanyaze, monga imene Margaret Thatcher anabweretsa yonena kuti nyumba ilibenso chikhulupiriro mwa boma la James Callaghan, imene inadutsa ndi mavoti 311 kwa 310 pa 28 Malichi 1979 ndi kuchititsa chisankho.

M'nyumba yoyeserera mulibe chigamulo chimene chimamanga dziko, choncho kulemera konse kwa mfundo kumachokera pa chinthu chimodzi chokha, ndicho chikhulupiriro cha mamembala chakuti mfundoyo inalowa, inakambidwa ndi kuvoteredwa mwachilungamo. Chikhulupiriro chimenechi chikatha, anthu amangosiya kubwera, chifukwa palibe malipiro kapena ovota akumudzi amene amawakakamiza kukhala.

Nyumba zoyeserera

Nyumba ya malamulo yoyeserera ndi bungwe limene anthu amene si aphungu enieni amakhala m'malo a aphungu, nduna, otsutsa boma ndi sipikala kuti aphunzire mmene dziko limakambirana ndi kugamula nkhani zake. Ku Britain kuli UK Youth Parliament, ya achinyamata a zaka 11 mpaka 18 osankhidwa ndi anzawo, imene pa 30 Okutobala 2009 inaloledwa kwa nthawi yoyamba kukambirana m'chipinda chenicheni cha House of Commons, sipikala John Bercow ali pampando. Palinso misonkhano yoyeserera bungwe la United Nations, monga THIMUN ya ku The Hague imene inayamba mu 1968, kumene ophunzira amaimira mayiko osakhala awo.

Nyumba zokumana pa intaneti zili za mitundu iwiri. Zina zimakumana pa kanema pa ola limodzi logwirizana, ndipo zimenezi sizisiyana kwambiri ndi msonkhano wa m'chipinda. Zina zimayenda polemba, kutanthauza kuti mfundo imaikidwa poonekera, mamembala amalemba zonena zawo pa nthawi imene aliyense wapeza mpata, mtsutso umakhala wotsegula kwa masiku angapo, ndipo kuvota nakonso kumatenga masiku. Mtundu wachiwiriwu ndiwo umafuna malamulo osamalitsa kwambiri, ndipo chifukwa chake chimamveka bwino munthu akayamba waona mmene nthawi imagawidwira m'nyumba yeniyeni.

Mwini nthawi ndani

M'chipinda cha House of Commons, cha aphungu 650, munthu mmodzi yekha ndiye amalankhula pa nthawi imodzi, ndipo mfundo imodzi yokha ndiyo imakhala pamaso pa nyumba. Zimenezi zimachititsa kuti nthawi ikhale chuma chosowa, ndipo amene ali ndi mphamvu yoigawa amakhala ndi mphamvu pa chilichonse chimene nyumba ikambe. Lamulo la nambala 14 mwa malamulo oyendetsera nyumbayo limanena kuti ntchito za boma ndizo zimakhala patsogolo tsiku lililonse kupatula masiku amene anapatulidwa. Pa chigawo chilichonse cha zokambirana, chimene nthawi zambiri chimatenga pafupifupi chaka, masiku 20 amaperekedwa kwa zipani zotsutsa, ndipo mwa amenewa 17 ndi a chipani chachikulu chotsutsa pamene 3 ndi a chipani chotsutsa chachiwiri. Masiku a Lachisanu okwana 13 ndi a mabilu a aphungu wamba, ndiye kuti aphungu amene si nduna kapena atsogoleri a zipani. Kuyambira mu 2010 pali komiti ya aphungu wamba, Backbench Business Committee, imene imapatsidwa masiku 35 kuti isankhe yokha mfundo zokambirana kuchokera pa zimene aphungu apempha. Ku Nyumba ya Malamulo ya Malawi ganizo lomweli limaoneka pa tsiku Lachinayi, limene limakhala la mfundo ndi mabilu a aphungu wamba.

Ngakhale pali masiku onsewa, mfundo zimene aphungu amalemba zimachuluka kwambiri kuposa zimene zingakambidwe. Pali mtundu wa mfundo zotchedwa Early Day Motions, zimene zilibe tsiku loikika lozikambirana, ndipo ntchito yake yaikulu ndi yakuti aphungu azisayinira posonyeza kuti akugwirizana nazo. Ndi zochepa kwambiri zimene zimafika pokambidwa. Dongosolo limeneli lili ndi nzeru imene nyumba yoyeserera iyenera kuizindikira, yakuti ufulu wolemba mfundo ndi wa aliyense, koma nthawi ya nyumba yonse si ya aliyense amene walemba, ndipo ziwirizi zikasiyanitsidwa bwino phungu amatha kumveka popanda kulanda tsiku la anzake.

Chimene intaneti yasintha

Nyumba ikamayenda polemba pa intaneti, malire a nthawi amene chipinda chimaika amachoka. Mfundo makumi awiri zikhoza kukhala zotsegula tsiku limodzi, membala mmodzi akhoza kulemba maulendo makumi atatu pa mfundo imodzi, ndipo kupereka mfundo yatsopano sikufuna kudikira kuti sipikala amuone munthu ataimirira. Poyamba zimenezi zimaoneka ngati ufulu wochuluka, koma chosowa chimangosintha malo, chifukwa ngakhale nthawi ya nyumba ilibe malire, chidwi cha mamembala chili ndi malire. Wophunzira amene ali ndi ola limodzi madzulo, mwinanso ndi bandulo ya intaneti yochepa, sangawerenge mfundo makumi awiri ndi mayankho ake onse. Chimene chimatsatira ndi chakuti amavota osawerenga, motsatira chimene chipani chake chanena, kapena amasiyiratu kuvota, ndipo nyumba imatsala m'manja mwa anthu ochepa amene ali ndi nthawi yambiri, amene si nthawi zonse amakhala ndi nzeru zambiri.

N'chifukwa chake nyumba ya pa intaneti iyenera kudziikira dala malire amene nyumba yeniyeni imawapeza mwachilengedwe. Iyenera kunena kuchuluka kwa mfundo zimene zingakhale zotsegula nthawi imodzi, kuchuluka kwa mfundo zimene membala kapena chipani chingapereke pa sabata kapena pa mwezi, ndi masiku amene ayenera kudutsa pakati pa chidziwitso ndi mtsutso. Malire amenewa amadandaulitsa mamembala achangu, amene amaona ngati akutsekedwa pakamwa, koma cholinga chake ndi kuteteza membala amene ali ndi mfundo imodzi yokha yoiganizira bwino kuti isamire pakati pa zambirimbiri zolembedwa mothamanga.

Kuona ngati mfundo ili yoyenera kulowa

Mfundo isanafike pa ndandanda, alembi amayamba aiona ngati ikutsata malamulo a nyumba, ndipo pakakhala kusamvana sipikala ndiye amagamula. Malamulo amenewa ku House of Commons anasonkhanitsidwa m'buku limene Thomas Erskine May anatulutsa koyamba mu 1844, limene lakhala likukonzedwa mpaka lero ndipo kuyambira mu 2019 limapezeka kwaulere pa intaneti. Mfundo iyenera kulembedwa mwakuti nyumba ikhoza kuiyankha inde kapena ayi. Early Day Motion, mwachitsanzo, imakhala chiganizo chimodzi chosapitirira mawu 250. Mfundo siloledwa kukhala ndi mawu onyoza, siloledwa kulowerera nkhani imene ili m'khoti ikudikira chigamulo, ndipo mfundo yofuna kuti ndalama za boma zigwiritsidwe ntchito imabwera kudzera mwa nduna zokha. Khalidwe la woweruza, la sipikala kapena la phungu mnzawo silidzudzulidwa mongodutsa pakati pa nkhani ina, koma kudzera mu mfundo yolembedwera zimenezo, kuti wonenedwayo adziwiretu ndipo nyumba igamule poyera.

Chofunika kuchiona m'malamulo onsewa ndi chakuti palibe limene limafunsa ngati ganizo la m'mfundomo lili labwino kapena loipa. Mlembi amaona kalembedwe, malire a mphamvu za nyumba ndi ulemu wa mawu, pamene kugamula ngati ganizolo lili lanzeru ndi ntchito ya mavoti. Apa ndi pamene nyumba zoyeserera zimapunthwa mosavuta, chifukwa oyang'anira ake nthawi zambiri amakhala mamembala akale amene ali ndi anzawo ndiponso maganizo awo pa ndale, ndipo lamulo losamveka bwino, monga lakuti mfundo zopanda pake zidzakanidwa, limawapatsa mpata wokana chilichonse chimene sachikonda. Lamulo labwino limatchula zinthu zimene wina aliyense angazitsimikize poyang'ana, monga kutalika kwa mfundo, kuchuluka kwa oichirikiza ndi ngati nkhaniyo ili m'mphamvu za nyumba.

Njira ya zikalata za mapempho za pa intaneti imene Nyumba ya Malamulo ya Britain ndi boma zinakhazikitsa pamodzi mu 2015 imasonyeza mmene kusefa kotere kungayendere poyera. Pempho limayamba lapeza anthu 5 olichirikiza lisanaonedwe ndi ogwira ntchito a komiti ya mapempho, limakanidwa ngati pali kale lina lofanana nalo kapena ngati nkhaniyo si ya boma kapena nyumba ya malamulo, ndipo mapempho okanidwa ambiri amaikidwa poonekera pamodzi ndi chifukwa chake. Likafika masiginecha 10,000 boma limayankha, ndipo likafika 100,000 komiti imaganizira zolipezera nthawi ya mtsutso. Kufuna ochirikiza ndi njira yakale. Buku la malamulo a misonkhano limene Henry Martyn Robert, injiniya wa asilikali a ku America, anatulutsa mu 1876 limafuna kuti mfundo ipeze munthu wachiwiri woichirikiza isanakambidwe, ndipo m'misonkhano yoyeserera United Nations chikalata chimafuna masiginecha a nthumwi zingapo chisanalowe. House of Commons inasiya kufuna wochirikiza pa mfundo zambiri, koma pa intaneti, pamene kulemba mfundo sikuvuta, lamulo limeneli limapezanso ntchito. Chiwerengero cha ochirikiza chiyenera kukhala chochepa mwakuti kagulu kakang'ono kakhoza kuchikwanitsa, chifukwa chikakwera kwambiri chimasanduka voti yobisika imene ambiri amapha nayo mfundo ya ochepa isanamveke.

Nkhani yogamulidwa kale

Mwa malamulo onse okhudza mfundo, limene limathandiza kwambiri nyumba ya pa intaneti ndi lakale kwambiri. Mu 1604 House of Commons inagwirizana kuti funso limene nyumba yaligamula kale lisabwerenso m'chigawo chomwecho cha zokambirana. Lamuloli silikamba za mawu okha koma za thunthu la nkhani, kotero kuti kusintha mawu awiri kapena atatu sikukwanira kupangitsa mfundo yakale kukhala yatsopano.

Lamuloli linaonekera poyera mu 2019, pa nthawi ya mkangano wa kutuluka kwa Britain m'bungwe la European Union. Mgwirizano umene nduna yaikulu Theresa May anabweretsa unakanidwa pa 15 Januwale ndi mavoti 432 kwa 202, ndipo unakanidwanso pa 12 Malichi ndi mavoti 391 kwa 242, boma litabweretsa zikalata zina zoonjezera zimene zinachititsa kuti funsolo lionedwe ngati losiyana ndi loyamba. Boma likukonzekera kuyesa kachitatu, sipikala Bercow analengeza pa 18 Malichi kuti sangalole mfundo yofanana ndi imene yakanidwa kale. Boma linakakamizika kugawa nkhaniyo ndi kubweretsa gawo limodzi lokha pa 29 Malichi, limene linakanidwanso ndi mavoti 344 kwa 286. Anthu anatsutsana kwambiri ngati sipikala anachita bwino, koma cholinga cha lamulolo chinamveka kwa onse, chakuti nyumba isatopetsedwe ndi funso limodzi mpaka itavomera chifukwa cha kulema.

Pa intaneti chiyeso chobwereza chimakula, popeza mamembala ovota amasintha sabata ndi sabata malinga ndi mayeso a kusukulu, maholide ndi ntchito, ndipo wogonja lero amadziwa kuti akadikira sabata imene otsutsana naye atanganidwa akhoza kupambana. Nyumba yoyeserera iyenera kunena momveka kutalika kwa nthawi imene nkhani yogamulidwa ikhale isanabwerenso, ndi kusunga kaundula wa zigamulo zonse amene aliyense angafufuzemo, chifukwa popanda kaundula lamuloli limadalira chikumbumtima cha oyang'anira okha. Komabe chitseko sichiyenera kutsekedwa kotheratu, popeza zinthu zikasintha kwenikweni, kapena chisankho chikabweretsa mamembala atsopano, nyumba iyenera kukhala ndi ufulu wosintha maganizo.

Imene iyambe ndi iti

Mfundo zoyenera zikachuluka kuposa malo, pamafunika njira yoziika pamzere. Njira imene imaoneka yachilungamo msanga ndi ya pachigayo, yakuti wofika koyamba ndiye amayamba kugayitsa, koma pa intaneti njirayi imakondera amene ali ndi netiweki yabwino, amene amakhala maso usiku, ndi amene amasunga mfundo zambiri zolembalemba kuti azitumize zonse mzere ukangotsegulidwa. Njira yachiwiri ndi maere, imene House of Commons imagwiritsa ntchito pa mabilu a aphungu wamba, pamene mayina 20 amatoledwa kumayambiriro kwa chigawo chilichonse. Maere sakondera munthu, koma sasiyanitsanso nkhani yaikulu ndi yaing'ono. Njira yachitatu ndi kusiyira komiti ya zipani zonse kapena mamembala onse kuti asankhe, monga mmene UK Youth Parliament yakhala ikuchitira kudzera mu voti yotchedwa Make Your Mark, imene mu 2018 achinyamata oposa 1 miliyoni anatenga nawo mbali posankha nkhani zoti zikambidwe, ndipo nkhani ya umbanda wa mipeni ndiyo inatsogola. Njira imeneyi imabweretsa nkhani zimene anthu ambiri akuzifuna, ngakhale kuti nkhani ya kagulu kochepa ikhoza kukhala kumapeto chaka ndi chaka.

Popeza njira iliyonse ili ndi amene imawasiya kunja, dongosolo lolimba limasakaniza, monga mmene masiku a ku London amagawidwira: gawo la boma loyeserera, gawo lotsimikizika la otsutsa limene ambiri sangalilande, ndi gawo la mamembala wamba logawidwa mwa maere kapena mwa komiti. Gawo la otsutsa ndilo loyenera kulitchinjiriza koposa, chifukwa ambiri ali kale ndi mavoti opambanira, ndipo chimene ochepa ali nacho ndi mpata wokha wokakamiza nyumba kuyankha funso limene ambiriwo sakanafuna kufunsidwa.

Kusintha mfundo ndi mphamvu ya sipikala

Mfundo ikalowa, membala wina akhoza kupempha kuti mawu ena achotsedwe, aonjezeredwe kapena alowedwe m'malo ndi ena. Zosintha zotere zimayenera kukhudza nkhani yomweyo, ndipo chosintha chimene chingotembenuza inde kukhala ayi sichiloledwa, popeza wosagwirizana ndi mfundo ali kale ndi voti yokana. Ku House of Commons sipikala ali ndi mphamvu yosankha zosintha zimene zivoteredwe ndi kusiya zina, ndipo mphamvu imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera.

Pa 21 Febuluwale 2024 linali tsiku la chipani cha Scottish National Party, chimene chinabweretsa mfundo yopempha kuti nkhondo ya ku Gaza iime nthawi yomweyo. Mwa chizolowezi, pa tsiku lotere boma likapereka chosintha chake, chosintha cha chipani china chotsutsa sichisankhidwa, kuti eni tsiku aone mfundo yawo ikuvoteredwa mmene anailembera. Sipikala Lindsay Hoyle anasankha chosintha cha boma pamodzi ndi cha Labour, ngakhale mlembi wamkulu wa nyumba anamuchenjeza polemba kuti akupatuka pa chizolowezi. Boma linachotsa chosintha chake, aphungu ambiri anatuluka m'chipinda mokwiya, chosintha cha Labour chinadutsa popanda kuwerenga mavoti, ndipo mfundo ya eni tsiku sinavoteredwe konse mmene inalili. Sipikala anapepesa, ndipo aphungu oposa 80 anasayina mfundo yonena kuti alibenso chikhulupiriro mwa iye. Iye anafotokoza kuti anali kudera nkhawa chitetezo cha aphungu amene anali kuopsezedwa, ndipo chifukwa chimenechi si chopepuka, komabe chotsatira chake chinali chakuti chipani chaching'ono chinalandidwa tsiku limene malamulo anachipatsa.

Sipikala wa nyumba yoyeserera ya pa intaneti nthawi zambiri ali ndi mphamvu zoposa za sipikala weniweni, chifukwa ndiye amatsegula ndi kutseka mtsutso pa makina, akhoza kufufuta zolemba za membala ndiponso kumutsekera kunja. Mutu umodzi susenza denga, choncho chigamulo chokana mfundo kapena chosintha chiyenera kulembedwa poyera pamodzi ndi lamulo limene chatsamirapo, ndipo wokanidwayo ayenera kukhala ndi kumene angakadandaule, kaya ndi kwa oyang'anira ena amene sanakhudzidwe ndi chigamulo choyambacho kapena kwa nyumba yonse. Zigamulo zolembedwa zimaunjikana n'kukhala chitsanzo chotsatira, ndipo sipikala wobwera pambuyo amavutika kugamula mosiyana pa nkhani yofanana popanda kufotokoza chifukwa chake.

Kutseka mtsutso ndi kuwerenga mavoti

Mpaka m'zaka za m'ma 1880 House of Commons inalibe lamulo lothetsera mtsutso pamene aphungu akufunabe kulankhula. Aphungu a ku Ireland otsogozedwa ndi Charles Stewart Parnell anagwiritsa ntchito mpata umenewu pochedwetsa bilu yopatsa boma mphamvu zomanga anthu ku Ireland popanda kuwazenga mlandu, ndipo mkumano umene unayamba pa 31 Januwale 1881 unatenga maola 41 kufikira pamene sipikala Henry Brand anauthetsa mwa ulamuliro wake pa 2 Febuluwale. Chaka chotsatira nyumba inakhazikitsa lamulo lotsekera mtsutso. Masiku ano phungu akhoza kupempha kuti funso lifunsidwe tsopano, koma sipikala ali ndi ufulu wokana ngati akuona kuti ochepa akuponderezedwa, ndipo pempholo limadutsa pokhapokha aphungu osachepera 100 atalivotera. Ndi bwino kukumbukira kuti aphungu a ku Ireland aja ankateteza ufulu wa anthu awo, kotero kuti lamulo lotseka mtsutso, ngakhale lili lofunika, linabadwa pogonjetsa ochepa amene anali ndi dandaulo lenileni.

M'nyumba yoyenda polemba, kuchedwetsa mwa kulankhula kosalekeza sikutheka ngati masiku a mtsutso aikidwiratu, koma kumalowedwa m'malo ndi kudzaza mtsutso ndi zolemba zambiri kapena zosintha zosatha, choncho malire a kutalika ndi kuchuluka kwa zolemba za membala mmodzi amagwira ntchito imene wotchi imagwira m'chipinda. Masiku a mtsutso ayenera kukhala okwanira kuti mamembala okhala m'mayiko osiyana maola, ndi amene amapeza intaneti mwa apo ndi apo, onse afikepo. Voti isatsegulidwe mtsutso usanathe, chifukwa munthu amene wavota kale sawerenganso zonena za mnzake.

House of Commons nayonso inalawa mavuto a kukumana patali pa nthawi ya mliri wa Covid-19. Mu Epulo 2020 inalola aphungu osapitirira 50 m'chipinda ndi ena 120 kudzera pa Zoom, ndipo pa 12 Meyi inavota patali kwa nthawi yoyamba. Kuti zimenezi zitheke, mayina a olankhula ankasindikizidwiratu, ndipo mwambo wakuti phungu adule mnzake pakati ndi funso unayamba waimitsidwa, zimene aphungu ambiri anadandaula nazo ponena kuti mtsutso wasanduka kuwerenga zolemba motsatizana. Nyumba yoyeserera ikhoza kuchepetsa vuto lomweli pofuna kuti mwini mfundo ayankhe mafunso amene afunsidwa mtsutso usanatsekedwe.

Pa kuvota pali mafunso awiri amene malamulo ayenera kuyankhiratu. Loyamba ndi chiwerengero chochepetsetsa cha ovota kuti chigamulo chikhale chovomerezeka, chimene ku House of Commons ndi 40. Pa intaneti, pamene mayina a mamembala amene anasiya kale kubwera amatsalabe m'kaundula, chiwerengerochi chiyenera kutengera mamembala amene akugwiradi ntchito, apo ayi nyumba imalephera kugamula chilichonse. Lachiwiri ndi kutsimikiza kuti munthu mmodzi ali ndi voti imodzi. Mu Juni 2016 komiti ya mapempho inachotsa masiginecha achinyengo pafupifupi 77,000 pa pempho lofuna kuti voti ya kutuluka mu European Union ibwerezedwe. Gulu laling'ono la ophunzira lilibe akatswiri ofufuza chinyengo chotere, choncho limadalira njira zosavuta monga kuvota poyera ndi dzina, mmene aphungu enieni amachitira, ndi lamulo lakuti membala watsopano adikire masiku angapo asanaloledwe kuvota kapena kuchirikiza mfundo.

Malamulo oyendetsera nyumba nawonso amasinthidwa kudzera mu mfundo, ndipo pachifukwa chimenechi amafuna chitetezo choposa cha mfundo wamba. Nyumba yoyeserera imachita bwino ikafuna chidziwitso chotalikirapo ndi mavoti ochuluka, monga magawo awiri mwa atatu, lamulo lisanasinthidwe, ndiponso ikanena kuti lamulo latsopano liyambe kugwira ntchito pa mfundo zobwera m'tsogolo, osati pa imene ili kale pamzere kapena pa mtsutso.